Akaunti ya a Bakapu

Pa kampani ina yoperekera mankhwala m'mafamase panali kachipinda kopanda zenera, kozizira ngati firiji, momwe munkakhala ma seva. M'makompyuta akuluakuluwo ndi mmene munali detabesi, nkhokwe ya zonse za kampaniyo: makasitomala, maoda, mankhwala otsala m'sitolo ndi masiku amene adzathere mphamvu. Oyang'anira nkhokweyo anali bambo wina waimvi amene aliyense ankangowatchula kuti a Bakapu, mawu a Chingerezi otanthauza kopi yosungidwa padera, chifukwa ukawapatsa moni ankakuyankha ndi funso: "Kopi mwasunga?"

Wachiwiri wawo anali mayi wina amene iwo anamupatsa dzina loti Changu. Iyeyu anayamba ntchito ngati wongolemba maoda, zala zikuthamanga kuposa mutu. A Bakapu anaona kuti ndi wa maso akuthwa, ndipo anamukokera m'kachipinda kaja n'kuyamba kumuphunzitsa.

Tsiku lina Changu ankafuna kukonza adiresi ya kasitomala mmodzi, koma anaiwala kuuza makina kuti ndi kasitomala uti. Kuphethira kamodzi, makasitomala onse anapezeka ali pa adiresi imodzi. Thukuta linamutuluka m'chipinda chozizira chija.

A Bakapu anasuzumira pa sikirini, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, anthu onsewa wawasamutsira m'nyumba imodzi? Agona bwanji?"

Sanamulande kiyibodi. Anakhala pambali, manja atapinda, n'kumusiya abweze yekha zonse kuchokera ku kopi ya m'mawa. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ankamuyesetsa kubweza bakapu, ankati kopi yomwe sunayesepo kuibweza usaikhulupirire. Anamuphunzitsa kuyamba waona zimene akufuna kufufuta, kufufuza chimene chikuchedwetsa lipoti, ndi kukana mwaulemu mabwana ofuna pasiwedi yotsegula paliponse. Ndi iwonso anamuumiriza kulemba mayeso a ntchitoyi, ndipo atakhoza anazungulira maofesi onse akudzitama ngati wakhoza ndi mwana wawo wobereka.

Kenako m'mawa wina a Bakapu anagwa kubafa kwawo. Inali sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka, ndipo madokotala anati za ntchito aiwale.

Patapita mwezi, bwana wamkulu anamuitana Changu. "Mpando uja ndi wanu tsopano, mwaugwirira ntchito. Koma akaunti ya madala aja yolowera m'makompyutamu muitseke. Lamulo ndi lomwelo kwa aliyense wochoka."

"Chabwino bwana," anatero Changu. Koma masabata anadutsa asanaikhudze. Juzi ya a Bakapu inali idakali pa mpando wawo, ndipo iye ankagwirabe ntchito atakhala pa kasitulu kake kakale.

Loweruka lina masana anapita kukawaona. Akazi awo ndi amene anatsegula chitseko. "Lowa mwanawe, akhala akukufunsa."

A Bakapu anawapeza pa mpando pafupi ndi zenera, ataonda, kathaulo kali paphewa. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira.

"Wandi... chotsa?"

"Ayi bambo. Mwina mupeza bwino, mubwerera."

Diso lawo linamuyang'ana ndi ukali umene Changu anali asanauonepo. "Usandinamize. Akaunti yopanda mwini... ndi polowera akuba. Ndinakuphunzitsa... ndine."

Anapumira kaye, akazi awo akuwapukuta kukamwa. Kenako anamufotokozera kuti ntchito zimene makina amachita okha, monga kusunga makopi ndi kutumiza malipoti, zinkayenda m'dzina lawo. Akangowafufuta asanazisamutse, zonse ziima popanda wodziwa. Anayamba kuzitchula, koma atafika pa ina dzina linakana kubwera. Anayesa, milomo ikunjenjemera, mpaka anamenya mkono wa mpando ndi dzanja labwino lija.

"Musavutike bambo, ndikaipeza ndekha," anatero Changu, atagwada pambali pawo.

"Ukaipeza," anayankha, n'kutembenukira kuzenera.

Lolemba Changu anadzitsekera m'kachipinda kaja. Anatsegula ntchitozo imodziimodzi n'kumachotsa dzina lawo, kuikapo lina. Pakati pa malamulo a makina ankapeza timawu timene mkuluyo ankadzilembera zaka zonsezo. Pena analemba kuti, "Apa osagwira, ndinalira kale." Pena, "Wa kumaakaunti akadandaula, vuto si ife." Changu anaseka, kusekako n'kusanduka zina, mpaka anachita kuvula magalasi.

Ntchito yoiwalika ija anaipeza: inali yochenjeza ogwira m'sitolo za mankhwala otsala pang'ono kutha mphamvu. Anaisamutsa, n'kuiyesa, n'kuona kuti ikuyenda.

Chotsala chinali mzere umodzi waufupi wofufutira akaunti ya a Bakapu. Anaulemba, n'kukhala akuuyang'ana, manja ali pamiyendo. Atadina batani, makina sanafunse kanthu. Anangoyankha kuti zatheka.

Anaimba foni kunyumba kuja. Anayankha ndi amayi aja.

"Mayi, muwauze bambo kuti ndachita zija."

Anamva mapazi, kenako kunong'ona. "Akuti wachita bwino, mwanawe," anatero amayiwo. Koma chakumbuyo kwawo kunkamveka kulira kwa munthu wamkulu, kosabisika, ndipo amayiwo anadula foni osatsanzika.

Changu anaika foni pansi, mafani a ma seva akungolira. Posakhalitsa wina anagogoda. Anali mkulu wa kumaakaunti, mapepala ali m'manja.

"Pepani bwana, lipoti lathu lija likuchedwanso."

Changu anacheuka kuti aone bwana amene akunenedwayo. Munalibe wina m'chipindamo. Anavala magalasi ake n'kunena kuti, "Tiyeni tikaone."