Timivi pa Mapasta a Mithete

Bambo Amândio anali ndi situdiyo ya zithunzi ku Moatize, kuseri kwa poimira machapa, maminibasi onyamula anthu. Chiyambire pamene malasha anayamba kukoka anthu, iwo ankajambula chilichonse: maukwati, maubatizo, ngakhale masiku omaliza a mudzi wa Mithete, anthu asanakwezedwe m'malole kusamutsidwira ku Cateme. Zonsezo zinali m'disiku imodzi yakale, yomwe inali itadzaza ndipo inkatentha ngati simbi.

Mwana wawo Isménia ndiye ankakhala pa kompyutapo tsiku lililonse akaweruka kusukulu. Koma tsiku limene bambo anagula disiku yatsopano yaikulu, sanaitane iye. Anaitana Dália, mwana wa mlongo wawo wa ku Zóbuè, amene anali atangomaliza maphunziro a makompyuta ku Tete.

"Ntchito iyi ndi ya anthu a diploma," anatero bambo. "Iwe Isménia, mpatse msuweni wako mpando."

Isménia anadzuka. Mpandowo unali udakali wofunda.

Dália anakhala, napinda manja a bulauzi yake. Sanafunse chilichonse. Anasankha mapasta onse, mafoda osungamo zithunzi ndi mafilimu, amene ankaoneka pa sikirini, n'kuwakokera ku disiku yatsopano. Kamzere kobiriwira kanangothwanima kamodzi, basi.

"Yatha, amalume."

"Kale? Zaka khumi ndi zisanu za ntchito yanga?" Bambo anaseka mpaka anatsokomola. "Uyutu akamakopera ukwati umodzi wokha amatha theka la tsiku. Waona, Isménia, kuphunzira?"

"Osamuseka, amalume," anatero Dália uku akumutsina Isménia patsaya. "Kamwana aka kakuyesetsa."

Maso a Isménia anali pa sikirini. Pakona pa pasta iliyonse panali kamuvi kakang'ono kopindika. Iye ankakadziwa, poti ndi iye yemwe anaika mapastawo pamenepo kuti bambo asamavutike kufufuza. Amenewo anali ma atalho, njira zachidule chabe. Atalho imangoloza kumene katundu ali, yokha ilibe kanthu. Dália anali atasamutsa zikwangwani, nyumba zonse n'kuzisiya kumbuyo.

Dália anadina pasta yolembedwa Mithete. Filimu inatseguka: amayi atasenza malata, mbuzi ikukana kukwera lole. Inatseguka chifukwa disiku yakale inali idakali yolumikizidwa.

"Zonse zilimo," anatero bambo. "Ndiye yakaleyi uifufute, upite nayo ku Zóbuè uziikamo nyimbo zako. Koma tiyambe tadya."

Anapita kukadya kuseri. Isménia anatafuna nsomba osamva kukoma. Mumtima mwake munali chithunzi chimodzi chokha, ndipo ankachibwereza ngati filimu: munthu wa ku Cateme akubwera kudzafuna kuona nyumba yake yakale, bambo akudina, sikirini ikukana, bambo akutembenuka n'kufunsa kuti, "Dália anachita chiyani?" Chithunzicho chinkamukomera. Zinamuchititsa manyazi kuti chinkamukomera, komabe sanachizimitse.

Atabwerera, Dália anakhalanso pampando uja. Anatsegula kabokosi kofufutira disiku. Kompyuta inafunsa m'Chipwitikizi ngati akutsimikizadi. Chala cha Dália, chopakidwa utoto wofiira, chinali kale pa mausi.

Isménia anaganiza za mbuzi ija. Inali ya Mayi Rosária, amene ankabwera chaka ndi chaka kuchokera ku Cateme, kukhala pa benchi, kuonera mphindi zitatu zomwe malemu amuna awo akuoneka akukoka chingwe, kenako n'kumapita.

"Mana Dália, tadikirani." Mawu ake anatuluka aang'ono, mpaka anachita kubwereza. "Musadine. Tazulani kaye yakaleyo."

"Ndizule chifukwa?"

"Mungozula. Kenako mutsegulenso Mithete."

Dália anayang'ana amalume ake ngati akuti onani mwana wanuyu, koma anatseka kabokosi kaja n'kuzula. Anadina Mithete. Kompyuta inati chinthucho kulibe. Anadina ukwati wa Xavier. Kulibe. Anadina mapasta ena asanu mofulumira, ngati kuti liwiro lithandiza.

Bambo anakhala pansi pa benchi. Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.

"Ndi ma atalho okhaokha," anatero Isménia. "Zenizeni zili mkati mwa yakaleyo. Zimafuna kukopera pasta imodziimodzi, kuti ikaima pakati tidziwe pomwe yaimira. Ikatha, timawerenga mafayilo mbali zonse ziwiri, manambala afanane. Kenako timazula yakale n'kutsegula mafilimu angapo."

"Chita," anatero bambo.

Isménia anakhala. Analumikiza disiku ija n'kuyamba ndi Mithete. Kompyuta inalemba kuti pasta yokhayo itenga maola awiri. Isménia anadikira kuti bambo anene kanthu kena. Bambo anavala magalasi, n'kusisita phewa la Dália.

"Zimachitika, mwanawe, usadandaule. Usapite lero ku Zóbuè. Ukhale uzimuyang'anira mng'ono wakoyu asalakwitse." Atatero anatuluka kukajambula munthu wofuna chithunzi cha chiphaso.

Awiriwo anatsala akuyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa. Dália anakoka sitululu, nakhala pafupi kwambiri.

"Unaziona liti?" anafunsa motsitsa mawu.

Isménia akanatha kunama. "Tisanapite kukadya."

"Ndiye unadya nsomba yonse ija uli chete?"

"Eee."

"Umafuna ndifufute."

"Ndimafuna. Pang'ono."

Dália anamuyang'ana, osaseka, osakalipa. Kenako anatenga kope ndi cholembera pa tebulo.

"Pasta yoyambayi ili ndi mafayilo angati?"

"Zikwi zinayi ndi khumi ndi awiri."

Dália analemba, n'kutembenuza kopelo kuti Isménia aone ngati walemba bwino.