Ndege Yolemera Kumchira

Sabata zitatu tebulo langa lositira linali la ndege. Bambo a mwana, amene ntchito yawo ndi yokonza mafoni, anabwera nayo m'katoni ili zidutswazidutswa: mapiko, kainjini, batire ndi rimoti. Kabuku kake kanali ka Chingerezi chozama. Ine sukulu ndinaisiyira panjira nditatenga mimba, ndiye wowerenga anali mng'ono wanga, amene akukhala nafe podikira zotsatira za mayeso.

Bambo akangoweruka, mitu yawo inkachita kugundana pa kabukuko. Iye ati alamu waya uyu alowe apa, iwo kuseka mano onse pamtunda. Ine ndikayandikira, ankangondiuza kuti ndisagwedeze tebulo, guluu sanaume.

Anapangana kuti Loweruka kubwalo la mpira, mng'ono wanga ndiye akaiponye m'mwamba iwo atagwira rimoti. Ine panalibe wondifunsa.

M'mawa wa Lowerukalo anaika batire n'kuyesa zonse. Chopukusa mphepo chinalira, tizidutswa ta kumapiko tinagwedera. Waya ataperewera, anakankhira batire kumbuyo, nkhani n'kuthera pomwepo. Bambo anapita kukapopa njinga, mtsikana anakaima pagalasi.

Ndinainyamula kuti ndilande tebulo langa, zala ziwiri pansi pa mapiko, pa timadontho timene anajambula ndi cholembera. Mchira unagwera pansi. Ndinakumbuka mng'ono wanga akuwerenga tsiku loyamba kuti ikagwidwa pamenepo izikhala mofanana, apo ayi ikangonyamuka idzutsa mphuno n'kudzimenyetsa pansi. Owerengawo anaiwala, ine wosita ndinasunga.

Ndinaibwezera patebulo. Igwe, ndinatero mumtima, tione ngati Chingerezi chitole zidutswa. Koma ikasweka, si ndiye sabata zina zitatu za mitu iwiri ija ndi guluu?

Ndinamasula manati awiri pa mpando wothyoka, ndinawamata ndi tepi m'kati mwa mphuno. Sizinakwane. Ndinaonjeza nati lachitatu.

Bambo atalowa n'kuiona ili pa zala zanga, nkhope inasintha. Ndisanakalipiridwe ndinachotsa manatiwo, mchira gwaa. Ndinawabwezera, ndege inakhala bwinobwino. Anaiyesa okha kawiri, kenako anakanda kumutu.

"Mwazidziwa bwanji, mayi a mwana?"

"Makutu sanasiye sukulu."

Mng'ono wanga anatuluka akununkhira mafuta anga, n'kutambasula manja kuti alandire ndege. Ndinamasula nsalu, ndinamuika mwana kumsana kwake.

"Koma achemwali, ine ndavala kale."

"Wavala bwino. Phala lili m'fulasiki, matewera ali pachingwe."

Anayang'ana alamu ake kuti amulankhulire. Iwo anali kalikiliki kupukuta rimoti yoyera kale.

Panjinga ndinakhala chammbali, ndege ili pamiyendo. Tisanafike pamsewu ndinawafunsa kuti poponya munthu amagwira pati.