Mayi wa m'Foni ya Eneya

Vitus anaponya foni ya malemu mkulu wake m'thumba la jekete lake anthu asanayambe n'komwe kugawana malaya. Millicent anamuona.

Panali patapita masiku anayi chiikireni mwamuna wake Eneya m'manda kwawo ku Kapondo. Mwana wawo Rozi, wa zaka khumi ndi ziwiri, anali pakhonde pomwe pankachitikira sukulu yake. Banjali linkaphunzitsa mwana pakhomo: Baibulo m'mawa, masamu, kenako Chifalansa. Anthu ankaseka kuti sukulu yopanda belu ndi sukulu yanji, koma Eneya pa zimenezo anali gonthi. Ankayendetsa thiraki mpaka ku Congo, ndipo ankalakalaka Rozi atadzakhala womasulira m'mipingo ya kumeneko. Buku linalipo limodzi lokha, Baibulo la Chifalansa lothothoka chikuto. Katchulidwe konse kanali m'foni muja: ankadzijambula akuwerenga ali pa ulendo, akafika n'kumutsegulira mwana.

"Alamu, foniyo ndisiyireni. Muli maphunziro a Rozi," anatero Millicent.

"Ndikaifufutitse kaye pa boma, ndikubwezerani."

"Mukafufuta, mwana aphunzira chiyani? Ine Chifalansa ndichidziwira kuti?"

Vitus anamuitanira kuseri kwa nkhokwe. "Alamu, ndikukutetezani. Ndamvetsera ine. Muli mawu a mkazi, ambirimbiri, akuseka ndi achimwene m'chilankhulo chawocho. Madalaivala mukuwadziwa. Asiyeni agone ndi ulemu wawo."

Mawu omwe Millicent ankawadziwa anali a Eneya yekha, akuwerenga mosadodoma ngati m'busa pa guwa. Za mkazi anali asanazimvepo. Anachita mantha, ndipo anadzida pokayikira munthu yemwe nkhata za pamanda pake zinali zisanafote.

"Tsegulani timve," anatero.

Vitus anapukusa mutu, koma anatsegula. Munamveka mayi wokalamba, mawu onjenjemera, akutchula Chifalansa pang'onopang'ono, kumbuyo mathiraki akulira. Eneya anabwereza, n'kuphonya. Mayi uja anaseka mpaka kutsokomola. Eneya anabwerezanso, n'kuphonya pomwepo.

Rozi anali atamva mawu a bambo ake n'kubwera chothamanga.

"Ndi Salimo 23," anatero. "Koma adadi akulakwitsa! Adadi salakwitsa."

Millicent anayang'ana m'foni muja. Vesi limodzi lomwelo linajambulidwa maulendo makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi chimodzi. Kunyumba Eneya ankawatsegulira lomaliza lokha. Munthu uja ankadzitama kuti Chifalansa amachimwa ngati thobwa, chikhalirecho ankachipemphetsa vesi ndi vesi kwa mayi uja pa chipata cha ku Kasumbalesa cholowera ku Congo, podikira mapepala a katundu.

Mayi uja anasintha n'kulankhula Chinyanja cha kumsika: "Walema iwe, tate. Yenda ukadye."

"Ayi amayi, kamodzi kokha," anayankha Eneya. "Mwana wanga amandikhulupirira. Ndikaphonya ine, adzaphonya mpaka kukula."

Millicent anakhala pansi pafumbi n'kulira kulira komwe sanalire ngakhale kumanda. Vitus anavula chipewa. Anapukuta foniyo pa malaya ake n'kuipereka kwa Rozi ndi manja awiri.

M'foni muja Eneya anayeretsa kukhosi n'kuyambiranso vesi lija. Atafika pomwe ankakodwa paja, Rozi anaweramira pafupi n'kumunong'oneza mawu olondola.