Ndandanda wa Oika Nkhata

"Cliff umuike kumapeto, pamodzi na ma neba," anatero bambo Chalwe, akugogoda ndi chala laputopu ya malemu mng'ono wawo Meshack. "Uja anabwela na amai bake. Si magazi yathu."

Ankauza Lukonde, mwana wamkazi wa malemuyo. Panja, mu tenti ya maliro ku Chelstone, kwaya inkaimba, ndipo Cliff, yemwe bambo ake a Lukonde anamulera kuyambira akukwawa, ankanyamula mipando ngati waganyu. Mawa kumanda anthu adzaitanidwa kuika nkhata motsatira pepala. Cliff akadzatchulidwa ndi anansi ndiye kuti wafufutidwa m'banja mpingo wonse ukuona. Zimenezi zinamupsetsa mtima Lukonde.

Pulogalamu ya pakompyuta yosanja mayinawo anailembera mpingo ndi Meshack yemweyo. Ankakonda kuuza mwana wake wamkaziyu kuti manambala kompyuta imasanja yokha, koma anthu ayi. Ukadzipangira chinthu chako, monga Wachibale wokhala ndi dzina, ubale ndi tsiku lobadwa, uyeneranso kulemba lamulo lonena kuti pa awiri atsogole ndani. Kupanda kutero, makina amangokuyang'ana ngati mbuzi.

Lukonde anatsegula lamulolo. Linali la mizere inayi basi: ubale kaye, ukafanana atsogole wamkulu. Za magazi munalibemo.

"Ningachinje, ba tata bakulu. Ni line imozi chabe," anatero. "Koma sinizachinja."

"Iwe mwana, ukamba na ine so?"

"Na imwe."

Bambo Chalwe, omwe anakalambira mu ofesi ndipo sankafuna kuphunzitsidwa ndi mwana wadzulodzulo, anakoka laputopu ija. Pa dzina la Cliff anafufuta mawu oti "mwana" ndi chala chimodzichimodzi, n'kulembapo "mnansi". Kenako anadina batani losindikizira.

Pepala silinatuluke. Meshack, monga amachitira olemba mapulogalamu osamala, anaika mayeso oti lamulo lake liziyamba layesedwa lisanagwire ntchito, ndipo mayesowo anawapanga ndi mayina a m'nyumba mwake. Pagalasi panabwera mzere wofiira. Lukonde anauwerenga mokweza dala, kuti ndi apakhonde omwe amve:

"Cliff sali woyamba pa ana a Meshack. Pena pake palakwika. Konzani."

Bambo Chalwe anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera. Lukonde anabwezeretsa mawu oti "mwana" pa dzina la Cliff, nasindikiza, napita pawindo kukaitana achimwene ake kuti asiye mipandoyo adzatenge pepala.