Phulusa la Gilson

"Ndiye mwana yense ndi ameneyu?" anafunsa a Benard, malume ake a Gilson, akuloza kachitini kachitsulo patebulo.

Cindy, mkazi wa malemu Gilson, anavomera ndi mutu. Anafika dzulo lake kuchokera ku Canada, komwe awiriwo anasamukira atangokwatirana ku Malosa. Kumeneko Gilson analowa usilikali, anapita kunkhondo ya ku Afghanistan, nabwerako wopanda bala. Patatha zaka, mtima unangoima.

M'nyumba ya ku Likangala munalibe popondera. Amayi amvano anadzaza mpaka pakhomo, thukuta lili kamukamu.

"Adzukulu akumba kale," anatero a Benard. "Bokosi lenileni lilipo. Timuika m'menemo, pamwamba simenti. Zomwaza munthu paphiri ngati feteleza, kuno ayi. Kumuwotchako mwatichititsa kale manyazi."

"Malume, anapempha yekha," anatero Cindy.

"Wakufa salamula maliro."

"Achimwene, musiyeni alankhule," anadula a Fyness, mayi ake a Gilson. Nawonso ankafuna manda, pafupi ndi a amuna awo, poti azikasesa.

Cindy anayang'ana pansi. "Kunkhondo kuja galimoto yawo inaponda bomba, chitseko chinakanirira. Anakhala m'katimo ndi mitembo ya anzake awiri mpaka anthu anabwera kudzadula chitsulo. Chibwerereni, amayi, sankatseka chitseko, ngakhale cha kuchimbudzi. Kunja kukuzizira koopsa, ife mawindo pululu. Ntchito ya m'fakitale inamukanika. Anzake ena anadzipha, ena amagona m'misewu. Anthu amawavalira kaduwa kofiira kowakumbukira kamodzi pachaka, basi. Tsiku lina anandigwira dzanja, akuti, 'Cindy, usadzanditsekere.'"

"Nanga anthu akafunsa manda ake, tidzaloza chiyani?" anakalipa a Benard. "Mtengo wa paini?"

Panja wina anayamba nyimbo, koma inafera m'njira.

A Fyness anadzuka, nakonza chitenje.

"Pafoni ankangoti, 'Ndili bwino, amayi, inu mwadya?' Ine n'kumakhulupirira." Anatembenukira kwa mchimwene wawo. "M'dzenjemo muikemo thunthu la nthochi, mukwirire. Ife mawa tikwera phiri."

"Chemwali, anthu adzati chiyani?"

"Adzanena, adzatopa."

Ananyamula kachitini kaja, nadutsa pakati pa miyendo ya anthu mpaka pakhonde. Anakhala pansi moyang'ana phiri la Zomba, nakaika pamiyendo. Kenako anapotokola chivindikiro pang'ono, kuti mulowe mphepo.