Ndodo ya Tsache pa Chisoti cha Vern

"Khalani mowongoka, madala, osazembera pansi ngati mwana woopa jekeseni," anatero Duane Pelkey.

Duane ndiye ankayendera galimoto iliyonse isanalowe m'bwalo la liwiro, ndipo m'manja mwake munali ndodo ya tsache yothothoka utoto. Vern Zastrow anali atakhala m'galimoto yake yobiriwira, malamba atamanga, chisoti chatsopano chili kumutu. Galimotoyo inalibe denga. Kumbuyo kwa mipando kunali uta wachitsulo, woti galimoto ikagudubuzika pansi pagunde chitsulo osati mutu wa munthu. Duane anagoneka ndodo ija, mbali imodzi pa uta, inayo pamwamba pa galasi lakutsogolo. Lamulo lake n'losavuta: mutu ukhale pansi pa ndodo.

Ndodo inagunda chisoti, go! Inangopendekeka ngati sikelo.

Marlys, mkazi wa Vern, anali ataima chapambali ndi fulasiki ya khofi. Anaona khosi la mwamuna wake likufiira.

"Chisotichi munayamba mwachivalapo muli m'galimoto muno?" anafunsa Duane.

"Chinali m'katoni," anayankha Vern chapansipansi.

"Kuopa kuchikanda," analowererapo Marlys. "Zaka zonsezi bambowa akhala akukwera m'menemo m'garaja atavala kapusi yawo yowedzera nsomba, n'kumalira ndi pakamwa vuu, vuu. Chisoti chili pamwamba pa kabati ngati keke ya ukwati."

Amuna amene anaima pamzere ndi magalimoto awo anaseka, koma sanaseke nthawi yaitali. Onse ankadziwa kuti tsikuli linali lomaliza. Chipale chofewa chikayamba kugwa m'dera lawo la Wisconsin, bwalo limatsekedwa mpaka nyengo yozizira itatha.

Galimotoyo inafika kunyumba kwawo ili m'mabokosi: mafupa achitsulo, malata a aluminiyamu, matumba a mabawuti. Injini Vern anakaichotsa m'galimoto ina yochita ngozi. Kuyambira pamenepo galimoto ya Marlys inasowa malo m'garaja, inkagona panja, iye n'kumapala chipale pagalasi m'mawa uliwonse akutukwana. Sankachitcha galimoto chinthucho. Ankachitcha bafa la Vern. Koma chaka chathachi dzanja lamanja la Vern linayamba kunjenjemera, poyamba pogwira supuni, kenako pogwira sipanala. Dokotala sanabise mawu. Anati chaka chamawa chiwongolero mwina chidzakhala nkhani ina. Kuyambira tsiku limenelo Marlys anasiya kutukwana, koma dzina la bafa sanalisinthe.

"Chotsani khushoni," anatero Duane. "Ambiri amapulumukira pamenepo."

Anachotsa. Ndodo inagundabe. Vern anatuluka, anagwada pa simenti, namasula mpando wonse, bawuti iliyonse ikumuthawa m'zala. Marlys anam'landa sipanala, namaliza yekha. Vern anakhala pa lata lenileni, mawondo ali m'mwamba ngati chiwala. Duane anagonekanso ndodo. Chisoti chinatulukirabe pamwamba, pang'ono chabe, ngati kukhuthala kwa chala.

"Duane, m'bale wanga, kachala kamodzi," anatero Vern. "Ndiwerama."

"Galimoto ikatembenuzika simuwerama, madala, mumatalika. Malamba amatamuka, khosi limatuluka. Ndinaonapo ndi maso angawa, ndipo sindifuna kuonanso. Amayi anu anakudyetsani kwambiri, mlandu si wanga. Kapezeni wowotcherera akuikireni uta wautali, mubwere chaka chamawa."

Vern anavula chisoti, nachiika pamiyendo, dzanja lake likugogoda pamwamba pake lokha, te te te. Marlys anayang'ana kumbali. Anayamba kupinda bulangete limene anabweretsa, kuti azipita.

"Marlys," anaitana Vern. "Khalanimo inu."

"Mwapenga?"

"Mwayendetsa basi ya ana asukulu moyo wanu wonse, pa chipale, pa matope, ana akumenyana kumbuyo. Kabafa aka kangakuvuteni?"

"Ine ndinabwera kudzagwira fulasiki. Ndili ndi nyama mufiriji yofunika kuphika lero."

"Sinathamangepo," anatero Vern. "Ndangoizungulitsa pabwalo la tchalitchi ngati ngolo ya maliro. Sindidziwa ngati ndinapanga galimoto kapena chidole. Ndikufuna ndidziwe, mayi. Kaya ndi ine m'menemo, kaya si ine."

Marlys sankakonda anthu oyankhula ndi mawu onjenjemera pagulu. Anaponya bulangete m'ngolo imene anabweretsera galimotoyo.

"Bwezeretsani mpandowo, ndiye. Ine sindikhala pa lata ngati nkhuku yopita kumsika."

Duane anam'bwereka chisoti cha kalabu ya pabwalopo, chonunkha thukuta la anthu ena. Atagoneka ndodo, pakati pa ndodo ndi mutu wa Marlys panatsala malo oti n'kudutsa mphaka. Atsopano salowa okha m'bwalo, choncho anamuitanira mphunzitsi, mayi wamfupi wa tsitsi la imvi dzina lake Sheng Vang, amene anafika akutafuna soseji. Sheng anam'lembetsa Marlys, anamuuza tanthauzo la mbendera, namumanga malamba mpaka mpweya kubanika, kenako anakhala pampando wa pambali pake.

"Munayendetsapo chiyani chothamanga, mayi?"

"Basi yachikasu."

"Zabwino. Ndiye mumadziwa kuyang'ana patali. Amuna awa amayang'ana mphuno ya galimoto ngati muli chithunzi chawo. Ndikati pondani, pondani. Ndikati buleki, buleki. Zina zonse musiyire galimoto."

Vern anawerama, nasonyeza batani lofiira. Marlys analidina. Injini inadzuka kumapazi kwake, phokoso likulowera m'msana mpaka m'mano. Anali pafupi ndi nthaka moti akanatha kuyatsa machesi pa phula.

Ulendo woyamba kuzungulira bwalo anayendetsa ngati basi. Pokhota paliponse ankatenga mtunda wautali, kuopa kuti matayala akumbuyo akwera pamphepete, ndipo dzanja linkafufuza siginolo yomwe panalibe. Magalimoto ena ankamudutsa ngati mavu.

"Kuno kulibe mwana woti mumutsitse, mayi!" anakuwa Sheng. "Pondani!"

"Ndaponda!"

"Mwasisita! Pondani ngati mwaona mphemvu!"

Anatulukira pa msewu wautali wowongoka, ndipo Marlys anaponda mpaka phazi kugunda pansi.

Mpando unam'menya kumsana. Phokoso lija linasintha, linakwera, linayera, linasanduka liwu limodzi lalitali limene sanalimvepo m'garaja. Mitengo ya m'mbali, yofiira ndi yachikasu, inasungunuka n'kukhala nsalu imodzi. Mphepo inagwira chisoti n'kumachikokera m'mwamba. Marlys anaona kona ikubwera, yakuthwa, yotsetsereka, ndipo mtima wake unati apa ndiye tathera m'udzu.

"Dikirani," anatero Sheng. "Dikirani. Tsopano buleki! Khotani!"

Sanakhote n'komwe. Anangoyang'ana kumene ankafuna kupita, manja anasuntha pang'ono, galimoto inali italowa kale. Sinapendekeke, sinalire matayala, sinakane. Inagwira phula ngati ili ndi zikhadabo, n'kum'tulutsira mbali inayo ikupempha zina. Moyo wake wonse Marlys anayendetsa zinthu zofunika kuzinyengerera, zolemera, zochedwa kumva. Ichi chinkamva asananene.

Patsogolo pake ankatha kuona tayala lakumanzere likudumpha pa zitsulo zake, poyera. Pamutu pa bawuti iliyonse panali kadontho ka utoto wachikasu. Vern ankadontheza utoto pa bawuti akaimanga mpaka muyeso wake, kuti asaiwale imene yatha ndi imene sinathe. Madontho ena anali ozungulira bwino. Ena anali opotoka, otayikira m'mbali, a chaka chathachi. Onse anali phee, osasuntha, pa liwiro limene Marlys sanayerekeze kuliyang'ana pa geji. Chinthu chimenechi chinatuluka m'mabokosi, m'garaja mwake momwe, pakati pa makina otchetchera udzu ndi firiji yakale. Anachipanga ndi munthu amene satha kupinda thawulo.

"Mayo ine," anatero Marlys m'chisoti. "Mayo ine, Vern."

"Mwati chiyani?" anakuwa Sheng.

"Ndati ichoke patsogolo panga galimoto yofiirayo!"

Wa galimoto yofiira anatulutsa dzanja, nam'lozera kuti adutse. Anadutsa. Sheng anamenya bondo lake akuseka.

Pozunguliranso, Marlys anamuona Vern. Anali atakwera pa benchi pafupi ndi mpanda, wamtali ngati mlongoti, manja onse awiri atagwira waya, kukamwa kuli yasa. Sanakweze dzanja. Mutu wake unangotsatira galimoto kuchokera uku mpaka uko, ngati mwana woona sitima koyamba.

Mbendera ya mawangamawanga yothetsera ulendo itakwezedwa, Marlys analowa pamalo oimikira nazimitsa injini. Kunangoti zii. Zitsulo zotentha zinkalira zokha, ti, ti. Marlys anakhalabe pampando. Sheng anatuluka, nasisita lata la galimoto ngati akusisita hatchi.

"Madala, ndakwera zambiri zopangira pakhomo. Zina zimafuna kukupha pa kona yoyamba. Iyi ndi yowongoka. Mwaimanga bwino."

Vern anagwedeza mutu. Anagwada pambali pa mkazi wake nam'masula chisoti, zala zikulimbana ndi lamba.

"Ndinaimva," anatero. "Mutafika kumitengo kuja ndinaimva. Sindinkadziwa kuti imalira choncho. Marlys, yachita bwanji pa kona yotsetsereka ija? Kumbuyo sikunathawe?"

Marlys anam'yang'ana. Tsitsi lake linali litamatirira kumutu, masaya atalembeka mizere ya chisoti.

"Munapanga ndinu chinthu ichi?"

"Munalipo, mayi. Munkagwira tochi."

"Ndinkagwira tochi ndikuganiza za nyemba pamoto. Sindinkadziwa." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa golovesi, mwaukali, ngati akuchotsa ntchentche. "Sindingakuuzeni mmene yachitira. Si zouzana. Muyenera kukhalamo nokha."

"Chaka chamawa," anatero Vern, nayang'ana dzanja lake.

"Chaka chamawa cha chiyani? Duane! Tabwerani kuno ndi tsache lanulo."

Duane anabwera, ndodo ili paphewa.

"Kummwera kumene sikugwa chipale, mabwalo satseka, eti?"

"Ku Texas, ku Georgia, amathamanga ngakhale mu Januwale."

"Ndipo kumenekonso kuli mdala wina wokakamira ngati inu, wa ndodo?"

"Kulikonse, mayi. Ndife mtundu."

"Ndiye yezani. Vern, valani chisoticho, khalani pambali panga, mowongoka. Duane, muyeze kuti uta ukwere mpaka pati, muwonjezerepo dzanja lathunthu, chifukwa sindifuna kudzamvanso za kachala. Lolemba tipita kwa wowotcherera. Akamaliza tikweza bafali pa ngolo."

"Marlys, inu simunapitepo kupitirira Iowa wapafupiyu," anatero Vern. "Mumati mabedi a m'mahotela ali ndi nsikidzi."

"Ali nazo. Tinyamula mashiti athu. Lole yokoka ngoloyo ndiyendetsa ndine, inu musunge manjawo mpaka tikafike."

Vern anavala chisoti, nadzipinda kulowa pampando wa Sheng. Duane anagoneka ndodo, nayamba kuyeza ndi zala. Marlys anakhala chigwirire chiwongolero, malamba osamasula.

"Fulumirani," anatero. "Masana ano gulu langa la atsopano lilowanso, ndipo wa galimoto yofiira uja akuganiza kuti ndinam'dutsa mwangozi."