Mbewu ya Nambewe

Mayi Elube Nambewe anamwalira mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mizere yawo ya kumunda ili theka. Amuna awo, a Jailosi, anakhala pakhonde ngati munthu womenyedwa ndi mphenzi. Chiwatengereni mkaziyu ku Kabudula kubwera naye kuno ku Nsaru, bamboyu sanadziwepo kumene kumakhala mchere. Madzi osamba ankawapeza ali kale kubafa, malaya a kutchalitchi ali ositasita, ana atadya. Ana aja atakula, Elube anayambanso kubereka zidzukulu pamsana pomwe paja. A Jailosi ankaona ngati zinthu zimangochitika zokha, monga amaganizira amuna ambiri.

Paukwati wawo Elube anabwera ndi kamtolo ka chimanga cha makolo chimene anawapatsa amayi awo. Chinali cholimba, choyera, cha njere zofiirira apo ndi apo. Chaka chilichonse akakolola ankasankha chonenepa, n'kuchimanga ndi makoko ake, n'kuchipachika kukhitchini pamwamba pa moto kuti utsi uchiteteze kwa anankafumbwe. A Jailosi, mlimi wa fodya wokonda mbewu ya m'sitolo, ankawaseka.

"Nambewe, dziko linapita patsogolo. Chimanga chochedwa kucha ngati ichi n'chachiyani?"

"Inu dzalani chanucho," ankayankha Elube. "Ichi n'cha amayi anga. Ndikachitaya ndikawauza chiyani?"

Maliro ake anthu anabwera ngati kumsika. Panalibe chodabwitsa, poti kunalibe siwa m'midzi yozungulira kumene Elube sanagoneko, ndiponso kunalibe mwana wobadwa amene sanamuphikire phala mayi wake. Amayi a Chigwirizano anadzaza bwalo ndi maduku oyera. Koma chaka chimenecho zokolola zinali zovuta. M'nkhokwe munali mutatsala zinyenyeswa, ndipo ufa umene anthu anasonkha unatha thupi lisananyamuke.

Mayi Dyness, mnzawo wa Elube amene ankayang'anira zophika, anafika pakhonde n'kugwada.

"Bambo, pepani. Ufa watha, ndipo adzukulu kumanda sanadye."

"Tengani chilichonse chili m'nyumba muno," anatero a Jailosi osadzutsa mutu.

"Chatsala n'chija chopachika kukhitchini. Koma ijatu ndi mbewu ya malemu."

"Mbewu tidzagula. Anthu asachoke ndi njala pa maliro a mkazi wanga."

Mayi Dyness anakhalabe chogwada kwa kanthawi, kuyembekeza kuti mwina bamboyo asintha mawu. Sanasinthe. Amayi anatsitsa chimanga chija, anayala mphasa kuseri kwa khitchini, n'kuchitonola mothamanga kupita nacho kuchigayo. Pobwera kumanda anthu anawakakamiza a Jailosi kudya. Anamva kafungo ka utsi m'kamwa, koma mutu unali kutali, anangomeza.

Anthu atabalalika, mwana wawo wamkazi Thokozile anatsala masiku angapo, kenako anabwerera kubanja kwake ku Namitete. Amene ankawabweretsera a Jailosi chakudya anali mlongo wawo wa nyumba yoyandikana. Kukhitchini kwa Elube moto sunayakenso.

Tsiku lina m'mawa mitambo inayamba kusonkhana mbali yolowera dzuwa. A Jailosi anakumbuka kuti nthawi ngati imeneyi Elube amakhala pamphasa kutonola mbewu yake, akung'ung'udza nyimbo ya m'kwaya. Analowa kukhitchini kuja n'kuyang'ana kudenga. Kunali luzi lokhalokha, lakuda ndi mwaye, likulendewera. Apa m'pamene mawu a mayi Dyness anawafika m'makutu bwinobwino. Anakhala pansi pa phulusa lozizira. Mbewu imene mkazi wawo anaisunga m'chilala ndi m'njala, osaikazinga ngakhale ana akulira, iwo anaidyetsa anthu tsiku limodzi, n'kudyako iwo omwe. Zinawapweteka kuposa tsiku la maliro, chifukwa imfa sanaiitane, koma ichi anachilamula ndi pakamwa pawo.

Komabe panali chiyembekezo. Elube ankapatsako ana mbewuyo chaka ndi chaka. A Jailosi anapalasa njinga mpaka ku Namitete.

"Thoko, kodi chimanga chija ankakupatsa amako udakali nacho?"

Thokozile anayang'ana pansi. "Ababa, tinkangolandira kuti asadandaule. Kuno timadzala cha m'sitolo. Chijacho tinkachiphatikiza popita kuchigayo."

Kwa mwana wawo wamwamuna Tomasi, ku Mpingu, yankho linali lomwelo, kungoti kumeneko ana ankachikazinga. Ku Kabudula, kwawo kwa malemu, anapeza achikulire onse anatha, ndipo achinyamata anawafunsa kuti chimanga chake chili ndi nambala yanji. Mayi Dyness nawo chawo chinadyedwa m'njala ya chaka chatha. A Jailosi sanakalipire aliyense. Akanayambira pati, poti woseka mbewuyo woyamba anali iwo? Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Anabwerera kwawo akukankha njinga, mphamvu yopalasa itawathera.

Mvula inagwa. Anthu anathamangira kuminda, nawonso a Jailosi anadzala chawo cha m'sitolo, mizere ya Elube anaisiya yosadzala. Patapita masiku, akuzungulira kuseri kwa khitchini kukatenga khasu, anaima. Pamene amayi anayala mphasa paja panali timbewu tatuluka, towonda, tothinana m'mbali mwa khoma. Njere zimene zinagwa potonola, anthu n'kuzipondera m'dothi, nkhuku zinaziphonya.

Mkulu uja anagwada m'matope. Sanakhulupirire msanga, anakumba kamodzi ndi chala mpaka anaona njere imene kanamerapo, yofiirira.

"Nambewe," ananong'ona, "ndakumva."

Kuyambira tsikulo anthu anayamba kunena kuti a Jailosi mutu wasokonekera. Anadula minga n'kutchinga timbewu tija. Mbuzi ya mlongo wawo itasuzumira, inalandira chibonga chimene sinachiiwale. Mu Januwale kutachita ng'amba, anatenga kheni yothirira nazale ya fodya n'kumakatunga madzi kumjigo, kuima pamzere pamodzi ndi amayi. Amayiwo ankagwira pakamwa.

"Agogo, fodya akufota kumunda, inu muli pa mapesi owerengeka awa?"

"Fodya ali ndi eni ake ambiri," ankayankha. "Ichi chatsala ndi ine ndekha."

Mbewu zina zinafa, zina chiswe chinagwetsa. Zimene zinapirira zinabereka, ndipo nyengo yokolola a Jailosi anathyola chimanga chosadzaza ngakhale lichero. Tsikulo Thokozile anabwera kudzawaona. Anawapeza kukhitchini, atakwera pampando, akumanga makoko ku luzi lija ndi mfundo zokhotakhota. Anafuna kuwathandiza koma bamboyo anakana.

Atatsika anayang'ana m'mwamba, kenako pansi pa mafuwa. M'pamene anazindikira kuti ntchito sinathe. Mbewu imafuna utsi, ndipo utsi umafuna munthu wokoleza moto m'mawa uliwonse, monga ankachitira Elube moyo wake wonse popanda womuthokoza.

Anatola tinkhuni n'kugwada pamene ankagwada mkazi wawo. Pansi panali pokumbika pang'ono, malo a mawondo awiri, ndipo mawondo awo analowa momwemo. Anayatsa, moto unazima. Anayatsanso, anauzira, phulusa linawabwerera kumaso. Thokozile anagwada pambali pawo.

"Ababa, nkhuni sapanikiza chonchi. Amayi ankasiya mpata kuti mphepo izilowa."

Anasuntha nkhuni ziwiri, moto unagwira. Utsi unakwera pang'onopang'ono mpaka unakafika pa chimanga chija. A Jailosi analira mokweza, kulira kumene sanalire pamaliro, ndipo mwana wawo sanawatonthoze chifukwa nayenso anali akulira.

Atapukuta m'maso analoza kudenga.

"Chikauma bwino udzatengeko. Koma Thoko, mwana wanga, ulendo uno ukadzale."